Nambala Imodzi, Lisiti Limodzi

Pa tchuthi chapitachi ndinali kuthandiza amayi anga kugulitsa tomato pamsika wina kwathu ku Kawale. Tsiku lina m'mawa kunadza munthu wodula ziphaso za msika, amayi nalipira. Dzuwa litapendeka kunabweranso wina, ndipo ataona chiphaso chathu anapukusa mutu, pakuti nambala yake inali yofanana ndi ya mayi wogulitsa usipa pafupi nafe. Woyamba uja anali kamberembere amene anasindikiza mapepala akeake. Amayi analipira kawiri, ndipo ine ndinayamba kufunsafunsa m'mene mapepala a ndalama amatetezedwera.

Njira yoyamba ndiyo nambala. Lisiti, cheke, ngakhale ndalama ya pepala ya Reserve Bank of Malawi, chilichonse chiri ndi nambala yakeyake. Yachiwiri ndiyo tsamba lotsalira. Kalaliki polemba amaika kaboni pansi kuti mawu omwewo atsale m'buku. Akalakwitsa sang'amba tsambalo ayi. Amajambulapo mzere nalisiya, kuti wofufuza mabuku adzapeze manambala onse ali m'ndondomeko. Yachitatu ikhudza munthu amene wataya lisiti lake. Pomsindikizira lina, ayenera kusunga nambala yakale, kudindapo mawu osonyeza kuti ili ndi lobwereza, ndipo mkulu wina asainepo. Popanda kutero, ngongole imodzi ingalipidwe kawiri.

Musayese kuti kompyuta inathetsa vutoli. M'chaka cha 2013 kunaululika nkhani ya Cashgate ku Capital Hill, kwathu komweko ku Lilongwe. Anthu ena anali kutulutsa macheke a boma kudzera m'makina a IFMIS, kulipira makampani amene sanagwire ntchito, kenaka n'kufufuta zolembedwazo. Kufufutako kunali ngati kung'amba tsamba lotsalira lija. Akatswiri a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinapita chomwecho pakati pa April ndi September chaka chimenecho. Maiko othandiza Malawi anaimitsa thandizo lawo la bajeti, ndipo amene anamva kuwawa ndi anthu wamba onga amayi anga.

Tsono anzanga, mawa lino ena a ife tidzakhala akalaliki ndi osunga chuma. Tiyambe lero kuzolowera. Mukalipira fizi, musangopinda lisiti n'kuponya m'thumba. Onani nambala, tsiku, chidindo ndi saini, ndipo mulisunge pansi pa sutikesi kufikira mutamaliza sukulu.