Mawu a Achinyamata Pamaso pa Akulu ku Champhira

Dera la Champhira, lomwe lili kummwera kwa boma la Mzimba kufupi ndi Jenda pamsewu wa M1, ndi limodzi mwa madera amene mwana amaphunzitsidwa ulemu asanayambe n'komwe sukulu, ndipo mlendo sachedwa kuona momwe mtsikana amagwadira popereka madzi kapena momwe mnyamata amatsitsira mawu polankhula ndi munthu wamkulu. Angoni ndi Atumbuka a kuno amanyadira khalidweli, ndipo m'pomveka. Vuto limabuka pamene mwana yemweyo ali ndi chosowa chimene akulu sakuchiona, kapena akusiyana maganizo ndi bambo ake pankhani ya sukulu, ukwati ngakhalenso ulendo wa ku Joni, pakuti m'mabanja ambiri kukhala chete kwayamba kuyesedwa ulemu weniweniwo. Kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi theka la anthu 17.5 miliyoni a m'Malawi anali osakwana zaka 18, choncho anthu amene akuyembekezeka kukhala chetewa ndi ochuluka zedi.

Komatu makolo akale sankalera ana osalankhula. Mudzi wa Atumbuka unkakhala ndi mphala, malo amene anyamata ankakhalira ndi kudyera pamodzi ndi amuna akuluakulu, pomwe Angoni ankakambira nkhani zawo kusangweni, kutanthauza pakhomo la khola la ng'ombe, ndipo mnyamata wokhala chapatali ankamva momwe mlandu umayambidwira, momwe munthu amadikirira kuti mnzake atsirize, komanso momwe amatsutsira mfundo popanda kunyoza mwini mfundoyo. Margaret Read, amene anafufuza za moyo wa Angoni m'zaka za m'ma 1930, anafotokoza m'buku lake la Children of Their Fathers za laweni, nyumba yogona anyamata momwe achikulirepo ankawongolera ang'onoang'ono. Mtsikana naye anali ndi pothawira, makamaka kwa agogo ake kapena kwa ankhazi, omwe ndi mlongo wa bambo, amene ankatha kunyamula nkhani imene mwana sakanayerekeza kuitchula pamaso pa atate ake n'kukaitula okha. Njirazi zinali ndi zofooka zake, chifukwa atsikana analibe malo pabwalo la amuna, koma mwana ankadziwa khomo loyenera kugogoda.

Makomo amenewa ndi amene atsekeka. Boma la Mzimba limadziwika ndi kuchuluka kwa anthu opita kukagwira ntchito ku South Africa, ndipo m'midzi yambiri ana akukula ndi amayi okha kapena agogo okalamba, pomwe bambo akugamula nkhani za panyumba kudzera pa WhatsApp ali ku Johannesburg. Uthenga wa pafoni umabweretsa lamulo ndi ndalama, koma kawirikawiri susiya mpata woti mtsikana wa Fomu 2 afotokoze kuti akuchedwa kusukulu chifukwa cha ntchito za kudimba la matimati, kapena woti mnyamata anene kuti akufuna kutsiriza maphunziro m'malo motsatira akulu ake kunja. Mphala nazonso zatha m'midzi yambiri.

Malamulo amakono amamupatsa mwana ufulu wolankhula. Pangano la United Nations lokhudza ufulu wa ana, lomwe linakhazikitsidwa mu 1989 ndipo Malawi inalivomereza mu 1991, limanena mu ndime 12 kuti mwana wotha kuganiza payekha apatsidwe mwayi wonena maganizo ake pa zonse zomukhudza, ndipo maganizowo aganiziridwe molingana ndi msinkhu wake. Pangano la maiko a mu Africa la 1990 limateteza ufulu womwewo mu ndime 7, koma mu ndime 31 limawonjezera kuti mwana ali ndi udindo wolemekeza makolo ndi akulu. Ndime ziwirizi zili m'pangano limodzi, ndipo amene amaphunzitsa achinyamata yoyamba yokha amalakwitsa mofanana ndi amene amawakumbutsa yachiwiri yokha.

Kusukulu ndi kumene ntchito yambiri yatsamira tsopano. Phunziro la Life Skills limakhudza kudzidalira, kulankhula momveka ndi kuthetsa mikangano mwamtendere, koma likangosanduka zoloweza za mayeso, mwana amakhoza funso lonena za kulimba mtima uku akulephera kuuza mphunzitsi wake kuti sakuona bwino pa bolodi. Mipikisano ya mtsutso imanola lilime, ngakhale kuti cholinga chake chimakhala kugonjetsa mbali inayo, ndiponso imachitika m'Chingelezi, pomwe mwana wa ku Champhira zakukhosi kwake amazidziwa m'Chitumbuka. Luso limene likufunika kwambiri ndi lina: kutchula chosowa mosazungulira, kupereka chifukwa chake, kubwereza mfundo ya wotsutsana naye kufikira iye atavomereza kuti yamvekadi, kenaka n'kusonyeza pamene akusiyana. Mtsikana amene wabereka ali pasukulu ali ndi ufulu wobwerera m'kalasi malinga ndi ndondomeko imene boma linayamba mu 1993, koma ufuluwo umakhala papepala pokha ngati iye sangathe kuuza a kwawo kuti akufuna kubwerera. Apa magulu a amayi a m'sukulu akugwira ntchito imene kale inali ya ankhazi, yokafikitsa mawu a mwana kwa anthu amene iye akuwaopa, monganso nambala yaulere ya 116 imalandira madandaulo a ana ozunzidwa.

Gawo lolemera kwambiri lili kwa akulu. Mwambi woti mawu a akuluakulu akoma akagonera ndi woona, koma ukamagwiritsidwa ntchito potseka zokambirana zisanayambe, mwana amaphunzira kuti kulankhula mwaulemu kulibe phindu. Ziwawa zimene zimamveka m'sukulu zina za sekondale m'dziko muno, pomwe ophunzira amaswa mawindo kapena kutentha nyumba, kawirikawiri zimayambira pa madandaulo a chakudya kapena chilango amene anaperekedwa kale koma sanayankhidwe, ndipo ngakhale kuti zimenezi sizichotsa mlandu wa kuwononga katundu, zimasonyeza pamene moto unayambira. Kuyankha sikutanthauza kuvomera chilichonse, pakuti mphunzitsi wamkulu akhoza kukana pempho la ophunzira ndipo kholo likhoza kukaniza mwana ulendo, bola afotokoze chifukwa ndi kulola kuti chifukwacho chifunsidwe. Chimodzimodzinso m'makomiti a chitukuko a m'midzi ndi a madera, amene amatumiza mfundo zawo ku khonsolo ya M'mbelwa, yoyang'anira boma la Mzimba: woimira achinyamata asamangokhala wonyamula mipando ndi kuwomba m'manja, koma apatsidwe nthawi yake yolankhula, mfundo zake zilembedwe, ndipo pamsonkhano wotsatira wapampando anene poyera zimene zachitikapo.