Musanagule mahedifoni, yambani mwaganizira za waya

Aliyense amene wadutsa m'misika ya mumzinda wa Tete, ku Moatize kapena ku Ulongwe waona momwe mahedifoni, amene m'Chipwitikizi amatchedwa auriculares, adzazira m'mabaraka. Ena apachikidwa pachingwe ngati nsomba zoyanika, ena ali m'timabokosi tonyezimira tolembedwa mayina a makampani akuluakulu. Achinyamata ambiri akuthamangira aja opanda waya, a Bluetooth, poti ndiwo atchuka. Koma kwa munthu wa ndalama zochepa amene akufuna choti azimvera tsiku ndi tsiku, ife tikuona kuti a waya akadali patsogolo, ndipo chifukwa chake choyamba ndi wailesi.

Ambiri sadziwa kuti m'mafoni ochuluka, waya wa mahedifoni ndiwo umakoka mawu a wailesi ya FM kuchokera mumlengalenga. N'chifukwa chake foni imakana kutsegula wailesi mukapanda kulowetsa mahedifoni. Alipo mafoni ena, makamaka a mabatani, amene amagwira wailesi popanda waya, koma si onse. A Bluetooth sangagwire ntchito imeneyi. Choncho bambo amene anazolowera kumvera nkhani ndi zidziwitso za maliro pa Rádio Moçambique kapena pa wailesi ya m'dera lake, akangogula opanda waya adzapeza kuti njira yotsala ndi ya intaneti, kumene ola lililonse limadya mamega ogula ndi metikali. Wailesi ya FM ndi yaulere, ndipo imamveka ngakhale tsiku limene mulibe khobidi m'foni.

Chachiwiri ndi moto. Ngakhale damu la Cahora Bassa lili m'chigawo chathu chomwechi, midzi yambiri magetsi sanafikebe, ndipo anthu amalipira potchajitsa foni. Mahedifoni a Bluetooth amafunanso kutchajidwa, iwo pamodzi ndi kabokosi kawo. Timabatire ta mkati mwake n'tating'ono, timatopa pakapita nthawi, ndipo kawirikawiri sitisinthidwa. Batire ikafa, zonse zathera pomwepo. Kamodzi kakagwa m'khutu mukutsika chapa, kotsalako kasanduka chidole cha mwana.

Komabe musanapite kumsika, yang'anani foni yanu. Kabowo kozungulira ka mamilimita 3.5 kanayamba kusowa pa mafoni okwera mtengo kuchokera pamene kampani ya Apple inakachotsa pa iPhone 7 m'chaka cha 2016, koma pa mafoni ambiri otsika mtengo a Tecno ndi itel kalipo. Ngati kulibe, mudzafunika mahedifoni olowa pobowo potchajira kapena kachingwe kolumikizira, ndipo si tonse timene timagwirizana ndi foni iliyonse.

Yang'anitsitsaninso kachitsulo kolowetsa m'foni. Kakakhala ndi mizere yakuda iwiri, mahedifoniwo ndi omvera chabe. Kakakhala ndi mizere itatu ndiye kuti ali ndi cholankhulira, mukhoza kuyankha foni manja ali pantchito. Kachitsulo kopindika ngati chigongono kamakhalitsa kuposa kowongoka, chifukwa waya amakonda kuduka pamalo pomwepo foni ikamapindika m'thumba.

Dzina lolembedwa pabokosi lisakutengeni mtima. Chinthu cholembedwa dzina la kampani yotchuka koma chogulitsidwa pa mtengo wa mbale ya nsima, nthawi zambiri n'chachinyengo. Sikuti chotchipa chilichonse n'choipa ayi, koma umboni wake ndi khutu lanu. Pemphani wogulitsa kuti muyese pa foni yanu yomwe. Mverani khutu limodzi, kenaka linalo. Gwedezani waya pafupi ndi kachitsulo, mumve ngati mawu akuduka. Tsegulani wailesi mumvere munthu akulankhula, chifukwa mahedifoni ena amagunda ng'oma kwambiri mpaka mawu a munthu kumveka ngati ali m'mbiya. Imbirani mnzanu kuti akuuzeni ngati akukumvani bwino. Wogulitsa wokana zimenezi musiyeni, mabaraka ndi ambiri.

Pali nkhani ina yoposa ndalama. Bungwe loona za umoyo padziko lonse, la OMS, limati munthu wamkulu akhoza kumvera phokoso la madesibelo 80 kwa maola 40 pa mlungu popanda kuwononga makutu, koma phokosolo likafika pa 90, maola ake amatsika kufika pa 4 okha. Bungwe lomweli limalangiza kuti mawu asapyole magawo 60 pa 100 alionse a mphamvu ya foni. Timaselo ta mkati mwa khutu timene timamva mawu tikafa sitimeranso, ndipo kuwonongekako kumabwera pang'onopang'ono, munthu osazindikira. Makutu akamalira mutachotsa mahedifoni, dziwani kuti munakweza mopyola.

Apa m'pamene timphira tofewa ta kunsonga tili ndi ntchito. Mahedifoni otseka bwino khutu amaletsa phokoso la kunja, ndiye simukakamizika kukweza mawu muli mu chapa kapena pafupi ndi chigayo. Sankhani amene ali ndi timphira ta misinkhu itatu m'paketi, mupeze kokwana khutu lanu, ndipo muzitipukuta. Kubwerekana ndi anzanu si bwino.

Koma kutseka khutu komweko n'koopsa pamsewu. Pa msewu waukulu wodutsa mu Tete kupita ku Zóbuè pamayenda malole usana ndi usiku, ndipo ku Moatize kuli njanji ya sitima za malasha. Wapanjinga kapena wapansi amene watseka makutu onse awiri samva hutala. Mukafika pamalo ngati amenewa, chotsani khutu limodzi kapena onse, mudzabwezeretse mutawoloka.