Amakaniki a ku Dzaleka ndi Injini Yosachira

Lachiwiri ndi tsiku la msika waukulu ku Dzaleka, ndipo amakaniki patsikuli sapuma. Ma Sienta ndi maminibasi ochokera ku Lilongwe, timalole todzaza mbatata ndi matimati tochokera kumapiri a Dowa ndi Ntchisi, njinga zamoto za kabaza, zonse zimakumana pano. Dandaulo limene madalaivala amabwera nalo kawirikawiri ndi lakuti injini ikumisa: imanjenjemera galimoto ikaima, imatsokomola pachitunda, mafuta ikumwa koma mphamvu ilibe. Chowawa n'chakuti vutoli limakonda kubwerera. Munthu wakonzetsa lero, walipira, sabata yamawa wabweranso. Luso la makaniki limaonekera pamenepa.

Dzaleka inali ndende ya andale m'nthawi ya Kamuzu Banda, ndipo mu 1994 inasanduka malo osungirako anthu othawa kwawo. Anaikonzera anthu ongopitirira pang'ono 10,000, koma lero muli oposa 50,000, ambiri ochokera ku Democratic Republic of Congo, Burundi ndi Rwanda. Ena mwa iwo anafika ali kale amisiri a magalimoto, ndipo amagwira ntchito limodzi ndi anyamata a m'midzi yozungulira, Chichewa ndi Chiswahili zikusakanikirana pansi pa boneti. Galaja yake nthawi zambiri ndi bwalo chabe: mthunzi wa malata, jeke, bokosi la masipanala. Wophunzira amayamba ndi kutsuka zitsulo m'beseni ndi kupatsira zida. Amatenga miyezi akumvetsera injini asanaloledwe kumasula yekha.

Injini ya petulo imafuna zinthu zinayi mu silinda iliyonse: mpweya woyera, mafuta oyenera muyeso, kupanikizika kokwanira, ndi moto wa pulagi panthawi yake. Chimodzi chikaperewera, silinda imeneyo imadumpha osayaka, ndipo injini yonse imagwedezeka. Makaniki wachangu amathamangira kusintha mapulagi, poti ndi otsika mtengo ndipo galimoto imaoneka yachira. Makaniki wodziwa amayamba wawerenga pulagi yakaleyo. Ikakhala yakuda ndi mwaye wouma, mafuta akuchuluka kapena mpweya ukuchepa. Ikanyowa ndi oyilo, maring'i a pisitoni kapena masili a mavavu atha. Ikayera mbuu ngati yapsa, mafuta akuchepa kapena mpweya ukulowera pobowoka. Kenako amasamutsa koyilo ya silinda yodwala n'kuiika pa ina. Vuto likasamuka nayo, wolakwa ndi koyilo. Likatsala pomwepo, amayang'ana injekita, kenako amayeza kupanikizika kwa silindayo. Ntchitoyi imadya nthawi, koma imapulumutsa mwini galimoto kugula zitsulo zimene sizinafe.

Nanga n'chifukwa chiyani vutoli limabwerera? Choyamba ndi mafuta. Kusowa kwa mafuta kumene kwavutitsa dziko lino kuyambira 2022 kwakankhira madalaivala ambiri ku petulo wa m'zigubu, amene nthawi zina amakhala ndi dothi, madzi kapena parafini. Petulo wathu amasakanizidwa ndi ethanol kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kumupanga, ndipo ethanol amakoka chinyezi akasungidwa mosasamala. Komanso dalaivala wothira malita awiriawiri amayenda thanki ili pansi, pampu n'kumatentha ndi kuyamwa zinyalala. Chachiwiri ndi fumbi. Ukangosiya msewu wa phula wa Lumbadzi kupita ku Dowa boma n'kulowa m'midzi, chilimwe chonse sefa ya mpweya imatsekeka msanga, ndipo dzinja likafika madzi amalowa m'mawaya. Chachitatu ndi zipangizo zachinyengo: mapulagi ndi makoyilo olembedwa dzina la kampani yodziwika koma osalimba n'komwe. Kusintha pulagi osatsuka thanki kuli ngati kupatsa mwana mankhwala a m'mimba n'kumamumwetsabe madzi a pachithaphwi.

Magalimoto ambiri oyenda kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito, ochokera ku Japan kudzera pa doko la Dar es Salaam, ndipo amakaniki anawazolowera. Zinthu zimasintha ikafika Mercedes-Benz, BMW kapena Range Rover yatsopano, ya bwana kapena ya mlendo. Injini zambiri za magalimoto otere zimapopera mafuta mwachindunji mu silinda ndi mphamvu yaikulu, zili ndi turbo, ndipo zonse zimalamulidwa ndi kompyuta. Khutu lokha silikwanira. Pamafunika kamakina kolumikiza pansi pa chiwongolero, ka mtundu wa OBD-II, umene unakhala lamulo pa magalimoto atsopano ku America mu 1996. Kakaonetsa P0301, silinda yoyamba ndiyo ikumisa. P0300 ndiye kuti vuto likuyendayenda m'masilinda angapo. Komatu nambalayo imangoloza malo, sinena chifukwa. Kuifufuta kuti nyali ya pa dashibodi izime si kukonza. Nyaliyo ikamathwanima, galimoto iyenera kuimitsidwa, chifukwa mafuta osapsa amakawotcha chosefera utsi cha mu ekizozi, chimene mtengo wake ndi woboola m'thumba.

Makaniki woona mtima amadziwanso polekezera. Galimoto yatsopano imakhala ndi chitsimikizo cha kampani, ndipo kuimasula pagalaja yosavomerezeka kungachititse kuti ogulitsa akane kuikonza ulere. Langizo labwino limene angapereke ndi lakuti: "Bwana, musayendetsenso. Bwererani nayo kwa amene anakugulitsani, ndipo sungani mapepala a ulendo uliwonse umene yakonzedwa." Atatero wataya ndalama ya tsikulo, koma wasunga mbiri yake, imene ndiyo mpamba weniweni pantchito imeneyi.

Chimene chimandipweteka n'chakuti luso lotere latsekeredwa. Lamulo la anthu othawa kwawo la 1989, pamodzi ndi kukana kwa Malawi kuvomereza mfundo zina za pangano la mayiko la 1951 lokhudza anthu othawa kwawo, zimawaletsa kukhala ndi kugwira ntchito momasuka kunja kwa kampu, ndipo mu 2023 boma linabweza ku Dzaleka ambiri amene ankachita malonda m'matauni. Makaniki wa muno sangakatsegule galaja ku Mponela, ngakhale atadziwa ntchito chotani. Mnzake Mmalawi ali ndi ufulu, koma kawirikawiri alibe satifiketi ndiponso alibe makina oyezera. Bungwe la TEVETA, limene linakhazikitsidwa mu 1999 kuti liziyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, pamodzi ndi mabungwe ogwira ntchito mu kampu, angathe kuyesa amisiriwa pa zimene akudziwa kale, kuwapatsa mapepala, ndi kuwaphunzitsa magetsi a galimoto zamakono. Chaka chilichonse magalimoto olowa m'dziko muno akunka nadalira kompyuta. Tikapanda kuphunzitsa amisiri a ku Dowa ndi Ntchisi kuwayeza, mlimi ndi wamalonda wa kuno azikokera galimoto yake ku Lilongwe pa vuto limene likanathera pakhomo.