Mamailosi a pa ndege: mwini wake ndani?

Mu 1981 kampani ya American Airlines inayambitsa AAdvantage, njira yothokozera anthu okwera ndege zake kawirikawiri. Ulendo uliwonse umawonjezera mamailosi pa dzina la wokwerayo, ndipo akachuluka amawasinthanitsa ndi tikiti yaulere, mpando wapamwamba kapena chipinda cha ku hotela. Nayo Ethiopian Airlines ili ndi yake, ShebaMiles.

Tsono, abale ndi alongo, tiyeni tifunsane: ngati tikiti yagulidwa ndi abwana, boma kapena komiti imene yatituma, mamailosiwo ndi a yani? Dzina lolembedwapo ndi lathu, inde, koma ndalama inachokera m'thumba la ena.

Ku Germany funsoli linagwetsa akuluakulu. Mu 2002 zinaululika kuti aphungu ena ankayendera maulendo a iwo eni mamailosi a Lufthansa amene anawapeza pa maulendo a ntchito. Gregor Gysi anatula pansi udindo wake m'boma la mzinda wa Berlin. Mu 2006 khoti lalikulu loona za ntchito m'dzikolo linagamula kuti mamailosi otere ndi a olemba ntchito amene analipira ulendowo.

Ife tikugwirizana nalo khotilo, ngakhale tikudziwa kuti tulo timene wotumidwa amataya pa benchi ya pa bwalo la ndege palibe amamubwezera.