Ululu utatha, ndinkaganiza kuti dzino lachira

Ndimagwira ntchito yolandira alendo pa loji ina ku Chintheche, ndipo pantchito yathu kumwetulira n'kofunika ngati yunifomu. Ndiye dzino langa lakutsogolo litayamba kuda komanso kuwawa usiku wonse, mantha anandigwira. Agogo anangoti, "Mwanawe, kazule basi." Kwathu kuno ndi mmene ambiri timachitira. Koma ine, mtsikana wa zaka 26, ndikhale ndi gweru pamaso penipeni?

Ndinakwera minibasi mumsewu wa M5, kudutsa mitengo ya labala ya Vizara, mpaka ku Mzuzu. Adokotala atajambula ekiselei, anati mtsempha wa m'kati mwa dzino wawola, koma dzinolo likhoza kupulumuka ndi chithandizo chotchedwa root canal. Anandibaya jakisoni wa dzanzi, n'kuboola kumbuyo kwa dzino, kuchotsa mtsempha wowolawo ndi tizitsulo tating'ono, kutsuka, kenako kutseka muzu ndi gutta-percha, utomoni wa mitengo ya ku Malaysia womwe umafanana ndi labala. Pamwamba anamata zongoyembekezera. "Achemwali, mubwerenso pasanathe milungu iwiri," anatero.

Sindinabwerere. Ululu unali utatha, ndipo ndalama ya thiransipoti ndinaigwiritsa ntchito zina. Akuluakulu amati linda madzi apite ndiye uziti ndadala. Patatha miyezi iwiri, ndikudya kondowole ndi usipa wowamba, ndinamva kanthu kakusweka m'kamwa. Chomata chija chinali chitachoka.

Adokotala sanandikalipire, koma anandifotokozera zomwe ndikufuna inunso mudziwe. Dzino lochotsedwa mtsempha silimvanso kuwawa ngati kale, choncho limatha kuwonongeka mwakachetechete. Bowo likakhala pamtunda, malovu amalowetsa tizilombo mpaka ku muzu, ndipo ntchito yonse ija imayenera kuyambidwanso. Ine ndinachita mwayi chifukwa ndinathamanga tsiku lotsatira.

Ulendo uno anamata ndi composite, chosakaniza cha pulasitiki ndi ufa wagalasi wosalala kwambiri. Anayamba wasankha mtundu wofanana ndi mano anga. Kenako anapaka mankhwala okakalitsa dzino, n'kupaka guluu wake, n'kumaika composite pang'onopang'ono, pafupifupi mamilimita awiri nthawi imodzi. Gawo lililonse ankaliumitsa ndi kuwala kwabuluu kwa masekondi angapo. Amatero chifukwa composite imafota pang'ono ikamauma, ndipo kuika yambiri kamodzi kumasiya timipata. Atandipatsa galasi, sindinathe kuloza pomwe amata.

Kwa dzino lakutsogolo lomwe silinagumuke kwambiri, composite nthawi zambiri imakwanira. Mano otafunira akumbuyo amanyamula katundu wolemera, ndiye kawirikawiri amafunika kuvekedwa chisoti kuti asang'ambike. Composite nayonso imatha kuda ndi tiyi kapena fodya, ndipo siikhala mpaka kalekale.

Madokotala a mano ndi ochepa m'dziko muno. Maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019 ku College of Medicine, yomwe pano ndi mbali ya KUHeS, mothandizana ndi yunivesite ya Glasgow. Mwina tsiku lina ife akunyanja sitidzakweranso phiri la ku Mzuzu chifukwa cha dzino.

Padakali pano, mukamayamba chithandizochi, sungiranitu ndalama ya ulendo womaliza. Ine ndinasiya kutsegula mabotolo ndi mano, ndipo nzimbe ndimayamba ndasenda ndi mpeni. Agogo amandiseka, koma sabata yatha anandifunsa ngati lawo lomwe likuvuta lingamatidwenso.