Uthenga wa Laisensi ya Windows pa Kompyuta ya M'nyumba: Tanthauzo Lake ndi Zoyenera Kuchita

Makompyuta ambiri amene ali m'makomo a pa Boma la Mchinji ndi a kaunjika. Ena anagulidwa ku Lilongwe, ena anadutsa m'malire a Mwami kuchokera ku Chipata, ndipo ena anatumizidwa ndi abale a ku Joni. M'makinawa mumasungidwa kaundula wa makalabu a alimi a mtedza ndi soya, mabuku a banki mkhonde komanso ntchito za ana asukulu. N'chifukwa chake mtima umagunda pamene pakona ya kumunsi kwa sikirini, kudzanja lamanja, paoneka mawu akuti "Activate Windows", kapena uthenga wakuti "Your Windows license will expire soon".

Choyamba chimene mwini kompyuta ayenera kudziwa n'chakuti uthengawu sutanthauza kuti makina awonongeka. Windows ndi pulogalamu ya kampani ya Microsoft imene imayendetsa kompyuta yonse, ndipo imagwiritsidwa ntchito ndi chilolezo chotchedwa laisensi. Uthengawo ukungonena kuti pulogalamuyo yalephera kutsimikiza chilolezocho. Pa Windows 10 ndi Windows 11 kompyuta imapitiriza kugwira ntchito ndipo mafayilo safufutika. Chimene chimatsekedwa ndi mwayi wosintha zinthu ngati chithunzi cha pa sikirini ndi mitundu. Nthawi yofufuza chifukwa chake mofatsa ilipo.

Chifukwa chosavuta kuposa zonse ndi tsiku ndi nthawi. M'kati mwa kompyuta muli kabatire kakang'ono kozungulira ngati ndalama yachitsulo, kawirikawiri ka mtundu wa CR2032, kamene kamasunga nthawi makina akazimitsidwa. Kabatireka kakatha mphamvu, magetsi akangozima kalendala imabwerera zaka zam'mbuyo, ndipo makina a Microsoft amakana kulankhulana ndi kompyuta yotere. Nambala 0x80072F8F imasonyeza vuto limeneli. Mankhwala ake ndi kukonza tsiku ndi nthawi, kusankha chigawo cha nthawi cha "Harare, Pretoria" chimene chimafanana ndi cha Malawi, kulumikiza intaneti, kenako kusintha kabatireko.

Chifukwa chachiwiri chimakhudza makompyuta amene kale anali a makampani, mabungwe kapena sukulu zakunja. Mabungwe otere amagula laisensi imodzi ya makina ambiri, ndipo kompyuta iliyonse imayenera kulumikizana ndi makina a bungwelo masiku 180 asanathe kuti chilolezo chake chiwonjezedwe. Kompyuta ikagulitsidwa n'kufika ku Mchinji, singathenso kuwapeza makinawo. Imagwira bwino kwa miyezi pafupifupi 6, kenako uthenga umayamba. Pofuna kudziwa ngati vuto ndi limeneli, munthu adine batani la Windows pamodzi ndi chilembo R, alembe slmgr /xpr n'kudina Enter. Pakaoneka tsiku lothera, laisensiyo ndi yobwereka. Pakaoneka mawu akuti "permanently activated", ndi yokhazikika.

Chachitatu chimadza kompyuta ikachokera kwa mmisiri. Laisensi ya makono imamangidwa ku bolodi lalikulu la m'kati, limene amisiri amalitcha motherboard. Likasinthidwa, Windows amaona ngati waikidwa pa makina ena. Nthawi zinanso mmisiri amaika Windows Pro pa kompyuta imene inagulidwa ndi Windows Home, ndipo kiyi ya mtundu wina sitsegula mtundu unzake. Kuyambira pa Windows 8 wa mu 2012, makampani opanga makompyuta amasunga kiyiyo m'bolodi momwemo, choncho kubwezeretsa mtundu woyenera kumathetsa vuto popanda kugula kalikonse. Pa makina akale a Windows 7, kiyi ya zilembo ndi manambala 25 imapezeka pa kapepala komatidwa kunsi kwa laputopu kapena pambali pa bokosi.

Ngozi yeniyeni ili m'njira zachidule. Pali mapulogalamu obera laisensi amene amayenda pa fulashi. Kuti aikidwe, chitetezo cha kompyuta chimayamba chazimitsidwa, ndipo ambiri mwa iwo amabwera ndi mavairasi oba manambala achinsinsi kapena otseka mafayilo. Komanso lamulo la Copyright Act la mu 2016 limateteza mapulogalamu a kompyuta monga momwe limatetezera mabuku ndi nyimbo. Palinso mauthenga abodza amene amatulukira pa intaneti, olamula munthu kuimba nambala ya foni kapena kutumiza ndalama msanga. Microsoft siika nambala ya foni pa mauthenga ake ochenjeza, ndipo aliyense wofuna kulipidwa pa Airtel Money kapena Mpamba chifukwa cha uthenga wotere ndi wakuba. Malo odalirika oonerapo za laisensi ndi m'kati mwa Settings, pa gawo la Activation, pomwe palinso batani la Troubleshoot.

Ngati zapezeka kuti kompyuta ilibe laisensi yakeyake, mwini wake ayambe waona msinkhu wa makinawo asanawononge ndalama. Microsoft inasiya kuthandiza Windows 7 pa 14 Januwale 2020, ndipo chithandizo cha nthawi zonse cha Windows 10 chinatha pa 14 Okutobala 2025. Makina akale ambiri sakwaniritsa zofunika za Windows 11. Kwa makina otere pali Linux, monga Ubuntu kapena Linux Mint, amene ndi waulere ndi wovomerezeka, ndipo pulogalamu ya LibreOffice imatsegula makalata a Word ndi matebulo a Excel. Chilichonse chisanasinthidwe, mafayilo onse ofunika akopedwe pa fulashi.

Amene akufuna kugula kompyuta ya kaunjika apemphe wogulitsa kuti aiyatse pamaso pawo, atsegule gawo la Activation, alembenso slmgr /xpr. Zimenezi sizitenga mphindi zisanu. Pa risiti palembedwe mtundu wa Windows ndi mawu otsimikiza kuti laisensi yake ndi yokhazikika, kuti uthenga ukadzaoneka patapita miyezi, wogula adzakhale ndi umboni wobwerera nawo kusitolo.