Nyemba za ku Mutare zimachedwa kupsa, ndipo vuto si nkhuni

Mayi wa ku Sakubva, mumzinda wa Mutare, akateleka nyemba, madzi a mumphika amabwata asanafike pa madigiri 100 aja ana amaloweza kusukulu. Amabwatira pa madigiri pafupifupi 96, ndipo ngakhale asonkhezere moto chotani, kutenthako sikukwera. Nkhuni zimangotha, madzi n'kumaphwa. Ku Beira, m'mphepete mwa nyanja, mphika womwewo umafika pa 100 ndipo nyemba zimafewa msanga.

Chimene chimasiyanitsa mizinda iwiriyi ndi kulemera kwa mpweya. Madzi, ngakhale ozizira, amatulutsa nthunzi, ndipo nthunziyo ili ndi mphamvu yokankha imene imakula madziwo akamatentha. Pa madigiri 20 mphamvuyo ndi 2.3 kPa chabe (kPa ndi muyeso wa mphamvu yokankha), pa 50 ndi 12 kPa, pa 80 ndi 47 kPa, pa 100 ndi 101 kPa. Onani mmene ikudumphira chakumapetoku. Madzi amabwata pamene mphamvu ya nthunzi yafanana ndi ya mpweya umene ukuwapsinja pamwamba. Kunyanja mpweyawo ndi 101 kPa. Mutare ili pamtunda, mamita oposa 1,100 kuchokera pamene pali nyanja, ndiye mpweya wake ndi wopepukirapo, pafupifupi 89 kPa, ndipo nthunzi imaugonjetsa madzi asanatenthe mokwanira.

Akatswiri sachita kulota manambalawa. Mu 1888, Louis Charles Antoine wa ku France anapeza kawerengedwe kamene mainjiniya akugwiritsabe ntchito mpaka lero: ukaikamo kutentha, kamakupatsa mphamvu ya nthunzi; ukaikamo mphamvu ya mpweya wa pamalopo, kamakuuza digiri imene madzi abwatire. Wopanda kompyuta angokumbukira kuti mamita 300 alionse okwera amachotsa digiri imodzi. Pamwamba pa phiri la Nyangani, mamita 2,592, madzi a tiyi amabwatira cha m'ma 91.

Poto wotsekera nthunzi uja, amene ena amamuopa chifukwa cha kulira kwake, amabwezera zimene phiri lalanda. Nthunzi ikasowa potulukira imapsinja madzi, ndipo ku Mutare amatha kufika cha m'ma 118. Denis Papin anapanga woyamba mu 1679.

Za kolera, imene inavutitsa chigawo cha Manicaland, kumene kuli Mutare, mu 2023, pasakhale nkhawa ndi madigiri anayi osowawo. Tizilombo take timafa madzi asanayambe n'kubwata komwe. Akabwata kwa mphindi imodzi akwanira kumwa; okhala pamalo opitirira mamita 2,000 awasiye mphindi zitatu.

Lamulo lomweli la nthunzi ndi kutentha lili m'silinda ya gasi, imene mabanja ambiri ku Dangamvura ndi ku Chikanga, mu Mutare momwemo, amadalira magetsi akazima. Mukaigwedeza mumamva kukhuvula, chifukwa gasiyo ali ngati madzi pansi, nthunzi yake pamwamba. Mukayatsa chitofu nthunzi imachoka, wamadziyo n'kuwira kuti atseke mpatawo, ndipo n'chifukwa chake silinda imazizira mpaka kuchita mame kunja kwake mukaphika nthawi yaitali. Mphamvu ya mkatimo siisintha kwenikweni, kaya silinda ndi yodzaza kaya yatsala pang'ono kutha. Chimene chimaisintha ndi kutentha. N'chifukwa chake ogulitsa gasi amaika silinda pasikelo n'kutchaja pa kilogalamu. Geji yoyeza mphamvu ingakunamizeni mpaka tsiku limene moto wazima nsima ili pakati.

Kutenthako ndiko koopsa. Gasi wa propane pa madigiri 20 amakankha ndi mphamvu yoposa 800 kPa, ndipo pa madigiri 40 amayandikira 1,400 kPa. Wamadziyonso amafufuma akatenthedwa, n'chifukwa chake silinda imayenera kudzazidwa magawo 80 okha pa 100 alionse. Wodzaza amene akupitiriza pamenepo sakukukomerani mtima.

Werengani kulemera kwa silinda yopanda kanthu kumene kunadindidwa pachitsulo chake, yang'anani sikelo pamene akudzaza, ndipo m'miyezi yotentha ya Okutobala ndi Novembala musasiye silindayo padzuwa kapena m'galimoto yotseka mawindo.